Kodi ukazembe ndi galimoto ya mbendera basi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mufakose, mdzukulu wa agogo amene anabwera kuno ku Harare nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito. Ali pa yunivesite ndipo mtima wake uli pa ntchito ya ukazembe. Anzake amamuseka kuti kazembe ntchito yake ndi kudya m'maphwando ndi kuyenda pa galimoto ya mbendera. Ndiye akufunsa ngati zili choncho, komanso ngati alipo Mmalawi amene angatengereko chitsanzo.

Mwana wanga, alipo. Dzina lawo ndi a David Rubadiri.

Anabadwa mu 1930 ku Liuli, m'mbali mwa nyanja ku Tanganyika, makolo awo ali Amalawi. Sukulu anakaphunzira ku Uganda, ku King's College Budo kenako ku Makerere, pambuyo pake ku Cambridge. Mu 1959, boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti ku Nyasaland, iwo anali m'gulu la omangidwa. Ukumbukire kuti nthawi imeneyo ambiri anawatumiza kundende za konkuno: a Kamuzu ku Gwelo, komwe lero timati Gweru, ena ku Khami pafupi ndi Bulawayo. Nkhani ya ufulu wa Malawi inadutsanso m'dziko lino.

Malawi italandira ufulu pa 6 Julaye 1964, a Rubadiri anakhala kazembe woyamba wa dzikolo ku America ndi ku United Nations. Taganiza, munthu wa zaka 34, akupereka makalata a ukazembe kwa Pulezidenti Lyndon Johnson m'dzina la dziko limene anthu ambiri kumeneko anali asanalimvepo n'komwe.

Koma chimene ndimawalemekezera kwambiri ndi ichi. Mu Sepitembala chaka chomwecho nduna zinasemphana ndi a Kamuzu. A Kanyama Chiume ndi a Orton Chirwa anachotsedwa, a Henry Chipembere ndi a Yatuta Chisiza anatula pansi maudindo, ndipo ambiri anathawa m'dziko. Kazembe ndi pakamwa pa boma lake. Chimene boma lanena, iye amachibwereza kwa alendo, amve kukoma kapena ayi. A Rubadiri anaona kuti sangathenso kulankhulira zimene mtima wawo ukukana, ndipo mu 1965 anasiya ntchito. Nyumba ya boma, malipiro, ulemu, zonse anazisiya, ndipo kwawo sakanabwereranso. Anaphunzitsa ku Makerere, ku Nairobi, mpaka ku Botswana, zaka pafupifupi 30 ali kunja. Ife amene agogo athu anamwalira akungotchula Nkhotakota kapena Mangochi osapitakonso, ululu umenewu tikuudziwa.

A Bakili Muluzi atalowa m'boma, mu 1997 a Rubadiri anabwereranso ku United Nations pa mpando womwewo. Mu 2000 anakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi. Anamwalira ku Mzuzu mu 2018.

Za maphwandozo, inde alipo, koma ntchito yeniyeni uione m'mawa pa ofesi ya kazembe wa Malawi konkuno. Ndinaonapo gogo wina atanyamula zikalata zachikasu, zong'ambika m'mapindo, zokulungidwa m'pepala la shuga, akufuna pasipoti kuti akaone manda a mayi ake. Wogwira ntchito anakhala naye pansi n'kuyamba kumufunsa mudzi, mfumu ndi boma lakwawo, m'Chichewa, pang'onopang'ono. Ukapeza mpata, kakhale pa benchi pamenepo tsiku limodzi, umvetsere, kenako undilembere zimene waona.