Chiluba anachokera ku union, nanga ogwira ntchito anavutikiranji mu ulamuliro wake?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake munthu amene anamenyera ogwira ntchito zaka zambiri ndiyenso anawasiya pa ulova atalowa ku State House ngati pulezidenti wa Zambia. Kuti zimveke, tiyambe ndi kumene mphamvu yake inkachokera.

Frederick Chiluba ankagwira za maakaunti ku Atlas Copco ku Ndola. Anakwera kudzera mu NUBEGW, bungwe la omanga ndi amisiri, ndipo mu 1974 anakhala mkulu wa ZCTU, bungwe lalikulu la ma union onse m'dziko. Lamulo la 1971 linkati ntchito ya mtundu umodzi ikhale ndi union imodzi, ndipo ndalama za umembala abwana ankazidula pa malipiro n'kuzipereka ku union. Popeza ntchito zambiri zinali za m'makampani a boma, ZCTU inali ndi anthu ndi ndalama popanda kupempha UNIP, chipani cholamula cha pulezidenti Kenneth Kaunda. N'chifukwa chake a Kaunda atamutsekera mu 1981 pamodzi ndi Newstead Zimba, mlembi wamkulu wa ZCTU, chifukwa cha sitalaka, dzina lake linangokulirakulira. Khoti linamutulutsa patatha miyezi yochepa.

Unga utakwera mtengo mu June 1990 anthu anachita zipolowe, ndipo mu July MMD, gulu lofuna zipani zambiri limene Chiluba anadzalitsogolera, inabadwira ku Garden House ku Lusaka. Pa masankho a 31 October 1991 MMD inatenga mipando ya ku nyumba ya malamulo 125 mwa 150, Chiluba n'kukhala pulezidenti. Kuno ku chigawo cha Kummawa tinakana, mipando yonse 19 inapita ku UNIP.

Vuto linayambira apa. Boma linali ndi ngongole yaikulu, ndipo IMF ndi World Bank sankapereka thandizo popanda kugulitsa makampani a boma. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, kampani ya mabasi ya UBZ mu 1995, migodi ya boma ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000. Ambiri ochotsedwa ntchito anadikira ndalama zawo zaka ndi zaka, ena mpaka kumwalira. Munthu aliyense wochotsedwa anali membala wotayika, ndiye thumba la union linkauma. Kenaka mu 1997 lamulo linasinthidwa kuti mabungwe azitha kugawikana, ndipo FFTUZ, bungwe lina lalikulu la ma union, inaima pambali pa ZCTU. Ine ndimaona kuti apa m'pamene Chiluba analakwitsa kwambiri, chifukwa ankadziwa bwino kuposa wina aliyense chimene chinkalimbitsa union.

Kwa alimi a kuno ululu unali wina. Sabuside ya feteleza inachotsedwa, boma linasiya kugula chimanga monga kale, amalonda n'kumabwera m'midzi ndi mitengo yawoyawo. Lintco, kampani ya boma ya thonje, itagulitsidwa, thonje la kuno linagwera m'manja mwa Clark Cotton ndi Lonrho. Onjezerani lamulo la 1996 limene linaletsa a Kaunda kuima pa upulezidenti chifukwa makolo awo anachokera ku Nyasaland, mudzamvetsa kuwawidwa mtima kwa anthu a ku Chipata, Katete ndi Lundazi.

Tisabise zabwino: Chiluba anathandiza kubweza zipani zambiri, ndipo anagulitsa nyumba za khonsolo motchipa kwa anthu amene ankakhalamo. Koma atafuna kuima kachitatu mu 2001, ZCTU yomweyo inali m'gulu la omukaniza, pamodzi ndi matchalitchi ndi maloya.