Jack Cornwell analandiriranji mendulo pomwe anangoima pa mzinga?

Owerenga ena atilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva za mnyamata wa zaka 16 amene anapatsidwa Victoria Cross pa nkhondo yapanyanja, koma akuti anangoima chilili. Kulimba mtima kwake kuli pati?"

Achimwene, Victoria Cross ndi mendulo yapamwamba kwambiri imene Britain imapereka kwa msilikali amene waonetsa kulimba mtima pa nkhondo. Kuti mumvetse muyambe mwadziwa ntchito imene mnyamatayu ankagwira. Jack Cornwell anabadwira ku Leyton, ku England, mu 1900, n'kulowa usilikali wapanyanja wa Britain mu 1915. Pa 31 Meyi 1916, pa nkhondo ya Jutland, pomwe sitima za Britain ndi za Germany zinamenyana m'nkhondo yoyamba yapadziko lonse, anali pa mzinga wakutsogolo wa mainchesi 5.5 m'sitima ya HMS Chester.

Mzinga wotere suwombedwa ndi munthu mmodzi. Ena amanyamula zipolopolo, chimodzi cholemera makilogalamu 37, ena amalonga, ena amatembenuza mzingawo. Cornwell ankavala zomvera m'makutu n'kumalandira manambala kuchokera kwa mkulu woyang'anira mizinga: mdani ali patali bwanji, ndipo aloze motsogoza bwanji poti sitima zonse zikuyenda. Akamva, ankapotokola timawilo toikira manambalawo pa chida cholozera. Munthu ameneyu akachoka pamalo pake, mzinga umasanduka wakhungu, zipolopolo zimangothera m'madzi.

Vuto lalikulu linali chishango. Chitsulo chotchinga mzingawo chinali chotseguka kumbuyo, komanso sichinkafika pansi. Sitima zinayi za Germany zitatulukira mu nkhungu chapafupi, zinamenya Chester maulendo oposa 15 m'mphindi zochepa chabe. Zidutswa za mabomba zinkalowera kumbuyo ndi kunsi kwa chishango, n'kumadula anthu miyendo. Anzake a Cornwell anagwa, ena kufa ena kuvulala, iyenso zitsulo zinamulowa pachifuwa. Koma anakhalabe pomwepo kudikira lamulo, poyera, kufikira kumenyanako kutatha. Anamwalira m'chipatala ku Grimsby, ku England, pa 2 Juni.

Tsono pali mbali ina imene tisaibise. Pa Jutland, Britain inataya sitima 14 ndi anthu oposa 6,000, ndipo dziko linkafunafuna ngwazi yoti liitukule. Poyamba Cornwell anaikidwa m'manda wamba ku Manor Park, mu London. Nyuzipepala zitachita phokoso, anamufukula n'kumuikanso mwaulemu wonse wachisilikali pa 29 Julayi. Mendulo inalengezedwa mu Seputembala, ndipo mayi ake anakailandira kwa Mfumu George V mu Novembala. Ife tikuona kuti ndale zinathandiza kuti dzina lake limveke kuposa la anzake amene anafera pa mizinga ina ya sitima yomweyo, koma zimenezi sizichotsa zomwe anachita ali ndi bala loti afa nalo.

Mzinga wake uli ku Imperial War Museum, nyumba yosungira zinthu zakale zankhondo ku London, ndipo a Scout ali ndi baji yotchedwa dzina lake. Mayi ake anamwalira mu 1919 ali pa umphawi.