Mafunso Anu: Boma la Ng'ombe ku Nebraska

Funso: Ndidamva kuti ku America kuli boma lina kumene ng'ombe n'zochuluka kuposa anthu, koma chimanga salima kwenikweni. Zimatheka bwanji? Ndine mlimi wa ku Chikwawa.

Yankho: Mudamva zoona, bambo. Bomalo ndi Cherry County, m'chigawo cha Nebraska, ndipo likulu lake ndi Valentine. Kukula kwake limaposa boma la Mzimba, koma kalembera wa 2020 adapezako anthu 5,455 okha.

Nkhani yonse yagona pa nthaka. Mbali yaikulu ya derali ndi Sandhills, zitunda za mchenga zomwe zimangogwidwa ndi mizu ya udzu. Mukangotipula, mphepo imanyamula mchengawo n'kusiya chidzenje chomwe chimakulirakulira chaka ndi chaka. Bomali lidakhazikitsidwa mu 1883, njanji itangofika. Lamulo lakale linkapatsa banja maekala 160, omwe pamchenga sakadadyetsa munthu. Mu 1904 lamulo la Kinkaid lidakweza malowo kufika pa maekala 640. Anthu adakhamukirako n'kuyamba kulima, minda idauluka ndi mphepo, ambiri n'kugulitsa malo awo kwa oweta ng'ombe.

Funso: Nanga ndalama amazipeza pati, pa mkaka kapena pa nyama?

Yankho: Pa ana a ng'ombe. Misoti yambiri imabereka m'Malichi ndi m'Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ziweto zimakhala kubusa, zikumwa madzi a pansi pa nthaka otchedwa Ogallala, omwe amapopedwa ndi mijigo yoyendera mphepo. Chapakati pa chaka eni ake amamweta udzu wa m'madambo, kuuyanika, n'kuukulunga m'mitolo ikuluikulu, chifukwa m'nyengo yachisanu ng'ombe imodzi imafuna pafupifupi makilogalamu 12 a udzu wouma patsiku. Ana amawaletsa kuyamwa ali ndi miyezi 6 kapena 7, akulemera makilogalamu 230 kapena kuposerapo, ndipo ogula amakawanenepetsa ndi chimanga kwina.

Chimene chimagwetsa woweta ndi kuchulutsa ziweto pabusa. Odziwa amati ng'ombe zidye theka la udzu, theka linalo litsale kuti mizu isafe. Poyamba kuwonongeka ndi pozungulira mjigo, pamene ziboda zimapondaponda tsiku lililonse. Pakangooneka mchenga woyera, ziweto zisamutsidwe msanga. Chisanu nachonso si chocheza nacho: mu Januwale 1949 chipale chofewa chidatseka misewu kwa milungu ingapo, udzu ulipo m'milu koma osafikika, ng'ombe zambiri n'kufa.