Musanaiphe nyongolotsiyo, yang'anani kaye mutu wake

Achimwene, mtima m'malo. Mwati usiku mwaona chinyongolotsi chofiirira, cha ubweya woyera m'mbali, chikutuluka m'mwala mu thanki yanu yowetera nsomba za m'madzi amchere, komanso tinthu tonga ulusi tikuyenda pamchenga. Zimenezi zinalowa zitabisala m'mabowo a live rock (miyala ya m'nyanja yokhala ndi tizamoyo) kapena patsinde la ma coral (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala) amene munagula.

Chaubweyacho mwina ndi bristle worm wamba, kawirikawiri wa mtundu wa Eurythoe complanata. Ameneyu ndi wosesa mu thanki, amadya zakudya zotsala ndi zinthu zakufa. Anthu amamunamizira kuti wapha nsomba chifukwa chomupeza pamtembo, chonsecho iye wangobwera kumaliro. Akachuluka kwambiri, ndiye kuti mukuthira chakudya chambiri. Chepetsani, nawonso achepa okha. Koma osamugwira ndi manja! Ubweyawo umathothokera pakhungu n'kumayabwa ngati chitedze. Valani magolovesi. Akakulasani, matani selotepu pamalopo n'kumatula, kenako viikani chalacho mu viniga.

Oyenera kuwaopa ndi awiri. Woyamba ndi fireworm wotchedwa Hermodice carunculata, amene amapezeka kwambiri ku Caribbean. Ndi wonenepa, ali ndi timphonje tofiira pafupi ndi ubweya, ndiponso chotupa chofiira chamakwinya pamutu. Uyu amadyadi ma coral. Wachiwiri ndi wa gulu la Eunice, amene ambiri amati bobbit worm: tinyanga 5 pamutu, nsagwada zolimba, thupi lonyezimira ngati utawaleza. Eunice aphroditois m'nyanja amatha kufika mamita 3. Mukaona tinyangato, musalimbane naye pomukoka, amaduka, ndipo chidutswa chotsala m'mwalamo chimatha kukulanso. Tulutsani mwala wonsewo basi.

Za tiulusito, ine ndikuganiza kuti ndi spaghetti worm. Thupi lake limakhala lobisika, tiulusito ndi timanja tokokera zinyenyeswazi, ndipo alibe vuto. Koma ngati ulusiwo uli ngati mamina ndipo ukuchokera m'kachubu kolimba komata pamwala, imeneyo si nyongolotsi n'komwe, ndi nkhono yotchedwa vermetid. Maminawo amasowetsa mtendere ma coral, ndiye thyolani kachubuko patsinde kapena tsekani pakamwa pake ndi super glue.

Kuti tikuuzeni zenizeni, zimitsani magetsi a thanki, dikirani ola limodzi kapena awiri, ndiye muunike ndi tochi yofiira. Kuwala kofiira sikuziopsa kwenikweni, pomwe tochi yoyera zikangoiona zimathawira m'mabowo. Jambulani mutu, osati mchira. Ikamavuta kuoneka, ikani kachidutswa ka shrimp (kanyama ka m'madzi kachibale ndi nkhanu) m'kabotolo koboola tizibowo pachitsekerero, kagone pamchenga usiku wonse. Mamawa muthire chimene mwakolacho m'mbale yoyera ya madzi a mu thanki momwemo, muike rula pambali, mutitumizire chithunzicho pano.