Za kavalo wadothi wa ku China uja

Achimwene, kavalo mwagulayo ndi wa mtundu wa sancai, kutanthauza mitundu itatu: wobiriwira, wofiirira ndi woyera. Mu ulamuliro wa Tang, kuyambira 618 mpaka 907, zoumba zotere ankaziika m'manda a anthu olemera cha ku mizinda ya Xi'an ndi Luoyang, kuti malemuwo akazigwiritse ntchito kudziko la mizimu. Kavalo ankaimira chuma ndi udindo, ngamila malonda akutali.

Koma zoti ndi wakaledi ndikukayika. Ine ndinagulapo wotere, utoto utachita kuyenderera m'miyendo, kenako n'kumva kuti anaumbidwa dzulodzuloli n'kumupaka dothi dala. Musanamutsuke kapena kumugulitsa, mukamuonetse kwa katswiri wa zinthu zakale. Amaboola pang'ono kunsi n'kuyeza zaka zake ndi thermoluminescence, njira yodziwira nthawi imene dothilo linaotchedwa. Ana asamamunyambite, utotowo uli ndi mtovu.