Zokaona ku Scotland ngati thumba lili la mwana wa sukulu

Achimwene a ku Chilomoni, mwafunsa ngati munthu wophunzira ku Glasgow angathe kuona malo popanda kuwononga ndalama ya chakudya. Zimatheka ndithu.

Yambani ndi Blantyre wa kumeneko. Mukakwera sitima pa Glasgow Central, mphindi pafupifupi 20 mwafika. Ndi kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu unatenga dzina kumeneko. Nyumba yake, Shuttle Row, pano ndi malo osungirako mbiri. Chimene chinandigwira mtima ine ndi chipinda chimodzi chokha chimene banja lonse linkagonamo ndi kuphikiramo, mabedi ake olowa m'khoma. Mwanayo anayamba ntchito m'fakitale ya thonje pafupi pomwepo ali ndi zaka 10. Pakhomo amalipiritsa, koma musaumire.

Kelvingrove, malo osungirako zojambula ndi zinthu zakale ku Glasgow komweko, mumalowa ulere. Chimodzimodzi National Museum of Scotland ku Edinburgh, kumene kuli Dolly, nkhosa ija asayansi anapanga mu 1996. Mukatuluka kwerani Arthur's Seat, kaphiri ka mamita 251. Munthu wozolowera Ndirande sangachite nako befu, koma mphepo yake ndi yoluma, jekete musasiye. Edinburgh Castle ndi yodula, ine ndinangoionera panja.

Gulani 16-25 Railcard, khadi ya sitima ya anthu a zaka 16 mpaka 25. Imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima, ndipo ophunzira opitirira zaka 25 amaloledwanso. Maulendo ataliatali muyende mu Juni kapena Julaye, chifukwa mu Disembala 4 koloko masana kumakhala kutada kale.