Kuchokera pa 230 kufika pa 150,000: mmene magetsi a makina a X-ray amakwezedwera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira ntchito yokonza zipangizo za m'chipatala. Akufunsa kuti: "Makina a X-ray amafuna mavolti oposa 100,000 pomwe pa soketi timangopeza 230. Kodi si nkhani yongokulunga waya wambiri pa thiransifoma? N'chifukwa chiyani bokosi lake amalidzaza mafuta? Nanga makina a asayansi othamangitsa tizidutswa ta atomu aja, mamiliyoni a mavolti amawatenga kuti?"

Achimwene, pa thiransifoma paja mwalasa. Mukakulunga waya wa mbali yachiwiri kuposa woyamba maulendo mazana angapo, mavolti akwera ndithu, ndipo makina akale ankachita zomwezo. Koma opanga makinawa nthawi yawo yambiri imathera pa zina: kuti mavolti akwerawo asamagwedezeke, asathawire pomwe sakufunika, ndiponso asaphe munthu kapena kuwononga chubu chotulutsa X-ray zinthu zikasokonekera.

Tiyambe ndi chubu chenichenicho. M'kati mwake mulibe mpweya. Mbali ina muli kawaya kamene kamatenthetsedwa mpaka kutulutsa ma electron (tizidutswa ta atomu tonyamula magetsi), mbali inayo muli chitsulo cha tungsten. Mavolti amakoka ma electron aja kuti akawombe chitsulocho, ndipo X-ray imabadwira pakuwombanapo. Chubu cha mtundu umenewu anachipanga William Coolidge mu 1913, patatha zaka 18 Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray ku Würzburg. Pojambula thupi amagwiritsa ntchito pakati pa 40 kV ndi 150 kV (kV imodzi ndi mavolti 1,000), pojambula mano 60 mpaka 70 kV, pojambula mabere cha m'ma 30 kV. Pa mphamvu yonse imene mwalowetsa, pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 ndi limene limasanduka X-ray. Yotsalayo imangotenthetsa chitsulo.

Mavolti ndi amene amalamula kuti X-ray ilowe mozama bwanji m'thupi, n'chifukwa chake kugwedezeka kwawo ndi nkhani yaikulu. Magetsi athu a 50 Hz, amene amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, mukangowawongola ndi ma diode (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), amakwera kufika pamwamba n'kugwanso mpaka ziro ka 100 pa sekondi. Nthawi yonse imene ali pansi, chubu chimatulutsa X-ray yofooka imene imathera m'khungu la wodwala osafika pa chithunzi. Wodwala walandira cheza, dokotala sanapindule kanthu. Makina a three-phase (olandira magetsi pa mawaya atatu amoto) anachepetsa kugwedezekako kufika pa 13 peresenti, ena mpaka 4. Makina a masiku ano amayamba asandutsa magetsi a pakhoma kukhala DC (magetsi oyenda mbali imodzi), kenako ma transistor (timaswichi tamagetsi) amawadula mofulumira, maulendo masauzande makumi angapo pa sekondi, ndiye n'kuwalowetsa mu thiransifoma. Liwiro likakwera chonchi thiransifoma imachepa msinkhu kwambiri, ndipo capacitor (kachipangizo kosunga chaji) yaing'ono imakwanira kusalaza magetsiwo. Chinanso, mzere wa ma resistor (tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi) umayeza mavolti a pa chubu nthawi zonse n'kuuza dera lowongolera, ndiye magetsi a pakhoma akatsika pang'ono makina amadzikonza okha chithunzi chili m'kati mojambulidwa. Kwa ife amene magetsi athu sakhazikika, ichi n'chofunika kuposa kuchepa kwa bokosi.

Tsopano za mafuta. Mpweya wouma umatchinga magetsi mpaka pafupifupi 3 kV pa milimita iliyonse, ndipo izi zimatheka pakati pa zitsulo zosalala bwino. Pakakhala nsonga, kaya ndi kamutu ka waya kapena mtovu wowotcherera umene watsala chosongoka, mphamvu imaunjikana pamenepo ndipo mpweya umayamba kung'ambika mavolti asanafike patali. Mumdima mumaona kuwala kofiirira, mumamva kulira kwa tsss, ndi fungo la gasi wotchedwa ozone. N'chifukwa chake zitsulo za makina otere zimakhala zozungulira ndi zopukutidwa. Chinyezi ndi fumbi zimaipitsanso zinthu, chifukwa magetsi amakonda kukwawa pamwamba pa pulasitiki yakuda kusiyana n'kuiboola.

Mafuta a thiransifoma amatchinga magetsi kuposa mpweya kangapo, komanso amachotsa kutentha. Koma ayenera kukhala ouma ndi opanda thovu. Ku fakitale amadzaza thankiyo atapopamo mpweya wonse, chifukwa kathovu kamodzi kakabisala pakati pa mawaya, timphezi ting'onoting'ono timayamba kuthetheka m'menemo n'kumadya pepala lotchinga pang'onopang'ono mpaka tsiku lina libooke. Choncho musatsegule thankiyo kuti mungoona, ndipo musathiremo mafuta ena aliwonse. Pali nzeru ina imene ndimaikonda kwambiri: pa makina ambiri 150 kV ija amaigawa pawiri, +75 kV mbali ya tungsten ndi -75 kV mbali ya kawaya, pakati n'kulumikiza ku nthaka. Chubu chimaona 150 yonse, koma chingwe chilichonse chimangosenza theka.

Thiransifoma yokha ili ndi malire, ndiye pamwamba pake amaikapo makwerero a ma diode ndi ma capacitor. Zimayenda ngati amisiri opatsirana njerwa pomanga nyumba yosanja: aliyense amangokweza njerwa pamlingo wake, koma imakafika padenga. Palibe capacitor imene imasenza mavolti onse, iliyonse ili ndi gawo lake. Njirayi anaiyamba ndi Heinrich Greinacher wa ku Switzerland, koma inatchuka ndi John Cockcroft ndi Ernest Walton, amene mu 1932 ku Cavendish Laboratory ku Cambridge anaigwiritsa ntchito kuthamangitsa tizidutswa ta atomu totchedwa ma proton ndi mavolti masauzande mazana angapo n'kuswa atomu ya lithium. Analandira mphoto ya Nobel mu 1951. Ku labotale ya Fermilab ku America makina otere a 750 kV anagwira ntchito mpaka 2012.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti masitepe mukhoza kungowonjezera mpaka kalekale. Ayi. Mukayamba kukoka magetsi, mavolti amatsika, ndipo masitepe akachuluka kawiri kutsikako kumakula pafupifupi ka 8. Mankhwala ake ndi ma capacitor aakulu kapena liwiro lalikulu. Wopanga wanzeru amasankha liwiro, chifukwa capacitor yaikulu imasunga mphamvu yambiri yoopsa.

Za mamiliyoni zija pali mayankho awiri. Makina a Robert Van de Graaff amanyamula chaji pa lamba woyenda n'kukaiunjika pa chitsulo chozungulira. Ofanana nawo a ku labotale ya Oak Ridge ku America anafika mavolti 25 miliyoni, ali m'thanki yodzaza gasi wa SF6 wopanikizidwa, amene amatchinga bwino kwambiri koma amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo oposa 20,000. Makinawa amapereka mavolti ambiri koma magetsi oyenda ochepa zedi. Yankho lachiwiri ndi limene lili m'makina ambiri akuluakulu: mamiliyoniwo kulibeko. Makina ochizira khansa olembedwa 6 MV alibe waya aliyense wokhala ndi mavolti 6 miliyoni. Chubu chapadera chotchedwa magnetron kapena klystron chimapanga mafunde a microwave, ndipo mafundewo amakankha ma electron mobwerezabwereza m'timapanga ta kopa totsatizana mpaka mphamvu yawo ifike pamenepo. Ntchito ya wopanga magetsi imasanduka yopatsa klystron mavolti aakulu kwa ma microsecond ochepa (microsecond ndi gawo limodzi pa magawo miliyoni a sekondi), okwera msanga, osalala pamwamba, ofanana ndendende ulendo uliwonse. Ma klystron a ku labotale ya SLAC ku California amalandira cha m'ma 350 kV motere.

Chotsala ndi mphamvu yosungidwa, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere, popeza manja anu ndi amene adzalowe m'makinawa. Mavolti akachuluka kawiri, mphamvu ya mu capacitor imachuluka kanayi. Capacitor ya 10 nF yokha (nF ndi muyezo wa kukula kwa capacitor) pa 100 kV imasunga mphamvu ya ma joule 50, okwanira kupha munthu. Zingwe zazitali za chubu nazo zimasunga chaji. Opanga amaika resistor yotaya chajiyo makina akazima, resistor ina yochepetsa magetsi mphezi ikathetheka m'chubu, ndi maswichi odula magetsi chitseko chikatsegulidwa. Zonsezi zimatha kuwonongeka osaonetsa chizindikiro. Ndiye mukazima makina, khomani swichi ndi loko, dikirani nthawi imene buku la makinawo lanena, gunditsani ndodo yolumikizidwa ku nthaka pamalo aliwonse a mavolti aakulu, ndipo isiyeni ili pomwepo mpaka mutamaliza, chifukwa capacitor imatha kudzibwezera chaji ina itatsitsidwa kale. Musagwire ntchitoyi muli nokha. Ndipo chubu cha X-ray musachiyatse kunja kwa chipinda chotchingidwa ndi mtovu (lead), ngakhale kwa sekondi imodzi yoyesera.